Funsani Mmisiri: Linux yalowa bwino, koma Wi-Fi yasowa

Ndikulemba danga la mwezi uno ndili m'kashopu kanga pa Nchalo, fani ikuzungulira koma ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Makalata ndi mauthenga anu ulendo uno ambiri akulira nkhani imodzi. Chithereni nthawi yomwe a Microsoft ankasamalira Windows 10, pa 14 Okutobala 2025, anthu amene makompyuta awo akale akukanidwa ndi Windows 11 ayamba kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo chopunthwitsa choyamba chikumakhala netiweki. Ndasankha makalata asanu, ena ndawadulako.

"Amisiri, ndimaphunzitsa pa CDSS ina kufupi ndi Ngabu. Akufuna kwabwino adatipatsa malaputopu asanu ndi atatu ogwirapo kale ntchito, ndipo onse ndaikamo Linux Mint. Asanu akugwira Wi-Fi bwinobwino, koma atatu sakuonetsa n'komwe kachizindikiro kake. Chondizunguza mutu n'chakuti onse ndi mtundu umodzi, dzina limodzi, nambala imodzi pachivundikiro. Anzanga akuti makhadi adapsa. Ahedi akuti ndibwezeretse Windows. Nditani?" Mphunzitsi, Ngabu

Aphunzitsi, makhadiwo musawalire maliro msanga. Malaputopu atatu kupsa malo amodzi tsiku limodzi n'zosowa. Ndikukhulupirira kuti onse ndi amoyo.

Taimani pa siteji ya Ngabu muone minibasi ziwiri za utoto umodzi ndi dzina limodzi kumaso. Makaniko wodziwa ntchito sagula sipeya poona utoto, amayamba waona injini, chifukwa ina idasinthidwa kalekale. Laputopu nayo ili choncho, kungoti kusiyanako kumayambira kufakitale komwe. Kampani imene dzina lake lili pachivundikiro imangosonkhanitsa zipangizo. Khadi la Wi-Fi, kachinthu kochepa ngati bokosi la machesi kapena kuchepera apo, imagula kwa ena, ndipo pakhadipo pali chip imene imagwira ntchito yonse. Opanga ma chip amenewa ndi owerengeka: Intel, Realtek, Broadcom, MediaTek, ndi Atheros imene idagulidwa ndi Qualcomm mu 2011. Mwezi uno fakitale iika za Intel, mwezi wamawa zikakwera mtengo iika za Broadcom, nambala ya pachivundikiro osasintha.

Kuti Linux ilankhule ndi chip pamafunika pulogalamu yotchedwa driver. Ntchito yake ili ngati ya womasulira kutchalitchi kwathu kuno, mlaliki akulalika m'Chichewa, iye n'kumatembenuzira agogo m'Chisena. Womasulira akajomba, mlaliki alipo, agogo alipo, koma uthenga sukudutsa. Mu Linux ma driver ambiri amabwera ali kale mu kernel, mtima wa pulogalamu yonse umene Linus Torvalds adayamba kulemba ku Helsinki mu 1991. N'chifukwa chake malaputopu anu asanu adangogwira inu osachitapo kanthu. Ma chip ambiri amafunanso kafayilo kena kotchedwa firmware, kamene driver amalowetsa mu chip nthawi iliyonse mukayatsa kompyuta. Kafayiloko ndi katundu wa kampani yopanga chip, ndipo ngati kampaniyo sidalole kuti kagawidwe momasuka, a Linux sangakaike pa fulashi yanu.

Tsopano tione injini. Pa laputopu imodzi yokanayo tsegulani Terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, mulembe:

lspci -nnk | grep -A3 -i net

Mupeza mizere ya makhadi awiri. Wa Ethernet controller ndi wa pobowola polowa chingwe, wa Network controller ndiwo wa Wi-Fi. Chakumapeto kwa mzerewo kuli manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Yoyamba imatchula kampani: 8086 ndi Intel, 10ec ndi Realtek, 168c ndi Atheros, 14c3 ndi MediaTek, 14e4 ndi Broadcom. Yachiwiri imatchula chip yeniyeniyo. Mmunsi mwake yang'anani mawu akuti "Kernel driver in use". Mzere umenewu ukasowa, womasulira wajomba. Koma khadi likaoneka pamndandandawu, dziwani kuti kawirikawiri silidafe, ndipo mukhoza kuwauza ahedi zimenezo lero lomwe.

Malinga ndi m'mene mwafotokozera, ndikuyembekezera kuti mupeza 14e4. Ma chip a Broadcom ali ndi ma driver angapo mu Linux, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. BCM4313 imayenda ndi brcmsmac, driver amene kampaniyo idatsegulira anthu onse mu 2010, ndipo ali kale mu kernel. BCM4312 imayenda ndi b43, amene adalembedwa ndi anthu ongodzipereka, koma imafuna firmware yochita kukatenga pa intaneti kudzera mu phukusi lotchedwa firmware-b43-installer. BCM43142, imene nambala yake ndi 14e4:4365 ndipo ili m'malaputopu otchipa ambiri a zaka khumi zapitazo, imangomvera driver wotsekedwa wa kampaniyo wotchedwa wl. Mu Mint ndi Ubuntu, mitundu iwiri ya Linux, phukusi lake limatchedwa bcmwl-kernel-source, kapena broadcom-sta-dkms m'zatsopanozi.

Mufunsa kuti ndikatenga bwanji driver pa intaneti pomwe intanetiyo ndi imene ndikuisowa. Yankho lili m'thumba mwanu. Lumikizani foni ya Android ku laputopu ndi chingwe cha USB, pitani pamene mumayatsira hotspot, muyatse USB tethering. Linux imaiona foniyo ngati khadi la netiweki la chingwe ndipo siifunsa driver wina aliyense. Airtel kapena TNM, zonse zimatheka. Chenjezo langa lili pa chingwe. Zingwe zambiri zogula pamsika ndi zongotchajira, mkati mulibe mawaya a data. Mawu a USB tethering akakhala otuwa, osadinika, sinthani chingwe musanayambe kukayikira foni.

Intaneti ikalowa tsegulani Driver Manager, pulogalamu ya mu Mint yoikira ma driver. Iyang'ana yokha makhadi anu n'kukuonetsani driver woyenera. Sankhani, dikirani, zimitsani ndi kuyatsanso. Driver yekhayo sadya bandulo yambiri, koma Update Manager ikakupemphani kuti mutsitse zonse zatsopano, ikanizeni kaye mpaka Wi-Fi ya pasukulu itagwira. Ndipo ngati pasukulu panu netiweki ya foni imachita kufunidwa pachulu, sungani fulashi imene mudaikira Mint ija. Driver wa Broadcom wotsekedwayo amakhala momwemo, ndipo Driver Manager imatha kumutenga pa fulashi popanda intaneti.

Pali msampha umodzi wotsala. Malaputopu opangidwa kuyambira cha mu 2012 ali ndi chitetezo chotchedwa Secure Boot, chimene chimakana driver aliyense wopanda chidindo chodziwika. Driver wa wl amamangidwa pakompyuta panu pomwepo, motero chidindocho alibe. Poikapo mukafunsidwa kupanga mawu achinsinsi, alembeni papepala. Poyatsanso pabwera sikirini ya buluu, musankhe Enroll MOK ndi kulemba mawu aja. Ambiri amaidumpha sikirini imeneyi poganiza kuti ndi vuto, kenako n'kumati driver wakana. Mukaiphonya, lowani mu BIOS, makonzedwe a kompyuta amene mumalowamo poyatsa Linux isanayambe, muzimitse Secure Boot, driver agwira.

Mukatha, lembani nambala ya chip pakapepala mumate kunsi kwa laputopu iliyonse. Aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo amene adzabwere pambuyo panu asadzayambenso pachiyambi.

"Achimwene, ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa pa Bangula. Kompyuta yanga ndi yapatebulo, ilibe Wi-Fi, ndipo mwana wa mchemwali wanga adaikamo Ubuntu. Makasitomala amatumiza mafomu ndi ma CV pa WhatsApp, ndiye ndimavutika kusamutsa. Sabata yamawa ndikukwera ku Limbe kukagula mapepala ndi inki. Ndikagule kachipangizo ka Wi-Fi ka USB kotani? Ndiuzeni dzina ndilembe. Takhuta." Mayi wabizinesi, Bangula

Mayi, dzina lokha ndikakupatsani ndikhala ndakuponyani m'madzi. Zidandichitikira ine. Chaka china ofesi ina ya ku East Bank idandituma tizipangizo totere tisanu. Ndidanyamula bokosi la kamene ndinkagwiritsa ntchito pano, ndidakwera mpaka ku Limbe, ndidapeza mabokosi ofanana ndendende, chithunzi chomwecho, dzina lomwelo. Nditatsika chitunda n'kukafika nato kutsidya, palibe ndi kamodzi komwe kadayaka. Mkati mudali chip ina. Ulendo wachiwiri ndidalipira ndekha, ndipo tsiku lonse shopu idali yotseka. Kwa munthu wa ku Blantyre kubweza katundu ndi nkhani ya ola limodzi. Kwa inu, kuchoka pa Bangula kudutsa Ngabu, Nchalo, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu, Thabwa, kenako chitunda chonse chija, cholakwika chimodzi chimadya phindu la sabata.

Khalidwe losintha chip dzina osasintha n'lofala m'makampani ambiri. Chitsanzo chimene amisiri a Linux onse amachidziwa ndi TP-Link TL-WN722N. Mtundu wake woyamba, wolembedwa V1, uli ndi chip ya Atheros AR9271, imene Linux imaidziwa kuyambira kale ndipo ngakhale firmware yake ndi yotseguka. V2 ndi V3 zili ndi Realtek RTL8188EUS, chip ina kotheratu yofuna driver winanso. Kusiyana kwake pabokosi ndi timalemba tiwiri pafupi ndi barcode.

Nanga mugule chiyani? Pa ntchito yanu yolandira mafomu simukusowa zothamanga kwambiri. Tizipangizo totchipa tambiri ta kamlongoti kamodzi tili ndi MediaTek MT7601U, imene driver wake adalowa mu kernel 4.2 mu 2015. Mukangolowetsa, kagwira. Za Ralink zakale, monga RT5370 ndi RT3070, nazo sizivuta. AR9271 mukaipeza yeniyeni, tengani. RTL8188EUS ija masiku ano ilibe vuto pa Linux yatsopano: Ubuntu 24.04 imabwera ndi kernel 6.8 ndipo imaidziwa. Kuti mudziwe kernel yanu, mwana uja alembe uname -r mu Terminal musananyamuke.

Zimene ndikukuletsani ndi zija zolembedwa AC600 kapena AC1200 ndi zilembo zikuluzikulu, zimene wogulitsa adzakuuzani kuti ndizo zamphamvu. Zambiri zili ndi ma chip a Realtek monga RTL8811AU, RTL8812AU ndi anzake, amene kwa zaka zambiri driver wawo sadali mu kernel. Munthu ankachita kukamutenga pa intaneti, kumumanga yekha, ndipo kernel ikasintha nthawi zina ankagwa, n'kuyambanso. Ma kernel atsopano kwambiri ayamba kuwalandira, koma si nkhondo yoti muimenye muli ndi mzere wa ana asukulu akudikira mafomu. Mukafunadi ya 5 GHz, funani ya MediaTek MT7612U, imene ili mu kernel kuyambira 4.19. Kamawu kakuti "Linux" pabokosi musakakhulupirire kwambiri. Kawirikawiri kamatanthauza kuti pa CD yam'bokosimo pali driver wa kernel ya zaka khumi zapitazo, amene pa Ubuntu yanu sangamangike.

Njira yotsimikiza ndi imodzi, kuyesa musanalipire. Bwerekani laputopu ya Linux, kapena nyamulani fulashi ya Ubuntu imene imayaka popanda kuiika mu kompyuta, mupemphe wogulitsa ayese pa laputopu yake. Kachipangizo kakalowa, mayina a Wi-Fi ya mashopu oyandikana nawo aoneke pasikirini. Kakapanda kutero, lamulo la lsusb mu Terminal nthawi zambiri likuuzani mwini chip: 148f ndi Ralink, 0e8d ndi MediaTek, 0bda ndi Realtek, 0cf3 ndi Atheros. Wogulitsa wokana kuyesa, msiyeni, Limbe ili ndi mashopu ambiri.

Muonjezereponso kachingwe kotalikitsira USB ka mita imodzi. Kuseri kwa kompyuta yapatebulo, pakati pa chitsulo ndi khoma, netiweki imafooka, ndiponso m'nyumba ya malata mwezi wa Novembala tizipangizo timeneti timatentha mpaka kumaduladula. Kapachikeni pamwamba podutsa mphepo. Ndipo podikira ulendowo, werengani zomwe ndawauza aphunzitsi a ku Ngabu za USB tethering. Mwina chingwe cha foni chomwe muli nachocho chikukwanirani, ndalamayo n'kupita ku inki.

"Bambo, laputopu yanga ili ndi Ubuntu. Wi-Fi imagwira ndikakhala pafupi penipeni ndi router ya ku ofesi, koma ndikangolowa chipinda china yathawa, pomwe mafoni a anzanga akugwira mpaka panja. Ndidalemba lamulo lija mudatiphunzitsa, yatuluka RTL8723BE. Ndisinthe khadi?" Wophunzira ntchito, Nsanje Boma

Mwanawe, wachita bwino kutumiza dzina la chip, wandipeputsira ntchito. Vuto lako ndi lodziwika. Khadi la RTL8723BE lili ndi polumikizira mawaya a mlongoti pawiri, koma malaputopu ena otchipa adaikidwa waya umodzi wokha. Driver akamamvetsera mbali yopanda waya, khadi limangomva zapafupi. Umuuze mbali yoyenera. Lemba mzere uwu mu Terminal:

echo "options rtl8723be ant_sel=2" | sudo tee /etc/modprobe.d/rtl8723be.conf

Zimitsa, yatsanso, upite kuchipinda chija. Zikapanda kusintha, bwereza mzerewo koma pa 2 uikepo 1. Imodzi mwa ziwirizi imagwira pa malaputopu ambiri otere.

Zosintha khadi n'zotheka, ndipo ine ndimachita kawirikawiri ndi makhadi ochotsa m'malaputopu akufa, makamaka amene adamira m'madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 koma khadi lidapulumuka. A Intel, oyenda ndi driver wa iwlwifi, ndi a Atheros oyenda ndi ath9k ndiwo ndimawasunga m'kabotolo kawokawo. Koma usagule usanatsegule. Malaputopu akale ali ndi polowetsa pa mini PCIe, atsopano pa M.2, ndipo khadi la uku silingalowe uko. Ena akale a Lenovo ndi HP ali ndi mndandanda mu BIOS wa makhadi okhawo ololedwa, ukaika lachilendo amakana kuyaka n'komwe. Komanso makhadi a Intel monga 9560 ndi AX201 ndi theka chabe la khadi, theka linalo lili mu bolodi ya Intel yogwirizana nawo, ndiye pa laputopu ina sagwira. AX200 ndiye khadi lathunthu, ndipo Linux imalidziwa kuyambira kernel 5.1. Yamba ndi mzere uja, suwononga tambala.

"Akulu, ine ndimaika Windows m'makompyuta a anthu pa Dyeratu ndipo sindidamvepo kasitomala akulira za driver. Inu mwezi ndi mwezi mukuyankha madandaulo a Linux. Si umboni womwewo kuti chinthuchi n'chovutitsa anthu? Bwanji osangowauza zoona?" Mnzanu pantchito, Dyeratu

Achimwene, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri chifukwa muli choona mkati mwake. Munthu akagula laputopu yatsopano lero, ya chip yongotuluka kumene, Windows idzaigwira tsiku lomwelo, pomwe Linux ya chaka chatha mwina siidziwa. Kampani yopanga chip imalemba driver wa Windows poyamba chifukwa ndiko kuli msika. Zimenezo sindibisa, ndipo wobwera pano ndi laputopu yatsopano ndimamuuza kuti aike Linux yatsopanonso, kapena adikire.

Koma inu ndi ine tikudziwa makompyuta amene amafika m'chigwa muno. Ndi a zaka zisanu ndi zitatu, khumi, khumi ndi ziwiri, otsika m'mabungwe ndi m'maofesi a kunja. Pa amenewa nkhani imatembenuka. Kampani idaleka kalekale kulemba driver wa Windows wa khadi lakalelo, pomwe mu kernel ya Linux driver akalowa amasamalidwa zaka zambiri, chifukwa aliyense wodziwa akhoza kumukonza. Ndipo kasitomala wanu salira za driver chifukwa inuyo mudalira kale m'malo mwake. Fulashi ya ma driver imene mumayenda nayo m'thumba ija ndi yachiyani? Windows 7 yongoikidwa kumene inkadzuka yopanda Wi-Fi, nthawi zina yopanda ngakhale Ethernet, tonse tidazionapo.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi anthu amene ali kuseri kwa ma driver amenewa. Ena ndi olembedwa ntchito, monga a ku Intel amene amasamalira iwlwifi. Ena adangodzipereka. Driver wa b43 adalembedwa popanda mabuku a kampani, anthu akuchita kufufuza okha m'mene chip imayankhira. Kudali bambo wina wa ku America, Larry Finger, wasayansi amene atapuma pantchito adathera ukalamba wake akukonza ma driver a Wi-Fi a Broadcom ndi Realtek ndi kuyankha mafunso a anthu osawadziwa. Adamwalira mu 2024. Driver wa khadi la mwana wa ku Nsanje amene ndamuyankha pamwambapa adadutsa m'manja mwake. Bamboyo ku Nsanje sankakudziwa, koma ntchito yake ikugwira kumeneko lero, mwanayo osalipira kanthu.

Zinthu zikusinthanso. A Debian, mtundu wina wa Linux, amene kwa zaka zambiri ankakana kuika firmware yotsekedwa pa fulashi yawo yoikira, adavota mu 2022 n'kusintha, ndipo kuyambira Debian 12 ya mu 2023 firmware imabwera momwemo. Madandaulo ambiri a Wi-Fi amene ndinkalandira kwa oika Debian adathera pomwepo.

Pali china chimene sitigwirizana. Windows imene imaikidwa m'misika mwathu yambiri ndi yothyola, yobwera ndi pulogalamu yonamiza laisensi imene palibe akudziwa kuti mkati mwake muli chiyani. Pakompyuta yomweyo mlembi wa gulu la banki m'khonde asungapo mayina ndi ndalama za anthu. Windows 10 nayo nthawi yake yatha, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano, zimene makompyuta athu ambiri alibe. Kasitomala wofuna pulogalamu yoyenda pa Windows pokha, muikireni Windows yovomerezeka, inenso ndimatero. Koma wongofuna kulemba makalata, kusindikiza ndi kulowa pa intaneti, ine ndimasankha kutaya mphindi makumi awiri pa driver kusiyana n'kumupatsa chinthu chimene sindingachiikire umboni. Mukadzadutsa pa Nchalo mudzapatuke, mudzatenge fulashi ya Mint mukayese pa laputopu imodzi yakale, kenako mudzatilembere zomwe mwapeza, zabwino kapena zoipa.

"Amisiri, pa chipatala chathu chaching'ono kompyuta imalandira intaneti pa chingwe kuchokera ku router. Mvula yoyamba itagwa ndi ziphaliwali, intaneti idasiya pa kompyuta yokhayo. Router tidasintha, chingwe tidasintha. Ili ndi Linux Mint. Kodi ndi driver?" Mlembi, dera la Makhuwira

Ayi bambo, apa driver ndikumuchotsa pamlandu. Makhadi a chingwe ndiwo savuta kwambiri mu Linux. Ambiri ndi a Realtek oyenda ndi r8169, a Intel oyenda ndi e1000e, kapena a Broadcom oyenda ndi tg3, ndipo onsewa ali mu kernel. Khadi limene dzulo linkagwira silingaiwale driver chifukwa cha mvula. Mphenzi sichita kufuna kugwa padenga panu. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imayenda m'mawaya, ndipo chingwe chachitali cha netiweki, makamaka chodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri, chimaitengera molunjika ku khadi.

Yang'anani kuseri kwa kompyuta polowa chingwe. Pali timagetsi tiwiri tating'ono. Chingwe chili cholowa, router ili yoyaka, timagetsito tili zii, ndiye kuti khomo lapsa. Lembaninso lspci muone ngati mzere wa Ethernet controller ukadalipo. Nthawi zina umasoweratu, nthawi zina umaoneka koma khadi silimva chingwe, chifukwa chapsa ndi kachigawo ka pakhomo pokha.

Bolodi yonse musasinthe. Gulani kachipangizo ka USB kokhala ndi khomo la chingwe cha netiweki mbali inayo. Funani ka chip ya ASIX, AX88772 kapena AX88179, kapena ka Realtek RTL8152 kapena RTL8153. Tonseti Linux imatidziwa mukangolowetsa. Totchipitsitsa topanda dzina tina timathamanga pang'ono kwambiri mwakuti kutumiza lipoti la mwezi kumakhala chintchito, ndiye nakonso kayeseni musanalipire. Poti kompyuta yanu ndi yapatebulo, khadi la PCIe lolowetsa mkati ndi labwino koposa, silisokonezedwa ndi wosesa.

Mvula ya Disembala isanafike, gwirizanani ndi mlonda kapena namwino wa usiku kuti kukayamba kung'anima kumapiri a Thyolo azizula chingwe cha netiweki kuseri kwa kompyuta pamodzi ndi pulagi ya magetsi. Kuzimitsa pa switch pokha sikukwanira, waya ukhale utachokeratu pakhomo.